Kwerani kandege pa tchuthi, koma kumwamba kulibe siteji

Mlamu wanga amene amachita geni ya zitenje ndi nsapato mu Limbe adabwerako ku Livingstone, m'dziko la Zambia, nkhope ili gwaa ngati munthu amene amulanda katundu pa boda. Adapita kumeneko ndi mlongo wanga kukapumulako, patatha zaka zambiri osatsekako shopu ngakhale pa Khirisimasi. Ali konko adalipira kuti akwere kandege kamene kamazungulitsa alendo pamwamba pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, aja ambirife timangowadziwa kuti Victoria Falls. Atafika pabwalo m'mamawa, woyendetsa kandegeko adayang'ana kumwamba, adayang'ananso kansalu kaja kamasonyeza kumene mphepo ikulowera, n'kunena kuti pepani bambo, lero sitinyamuka. Tsono m'mawa mwake mlamu anali ndi tikiti ya basi yobwerera ku Lusaka. Ndalama yake adam'bwezera yonse, koma mpaka lero akayamba kusimba nkhaniyi mtima umakwera.

"Mphepo yake iti, alamu? Inetu ndidakwerapo Ilala nthawi ya mwera, kuchoka ku Nkhata Bay mpaka ku Likoma. Ameneuja adangondiona kuti ndine wakuda basi," amatero.

Ine ndidamuyankha pamaso, ndipo ndikubwereza pano kuti nanunso mumve. Pa anthu onse amene mlamu wanga adakumana nawo pa ulendo umene uja, amene adam'chitira zabwino zoposa ndi woyendetsa kandege uja. Azungu amene anali pamzere tsikulo nawonso adabwezedwa, koma zimenezo mlamu sazitchula.

Nkhaniyi ndaibweretsa chifukwa masiku ano a Malawi tikuyenda. Amageni ali ku Joni, ku Dar es Salaam, ku Dubai mpaka ku China. Ana athu akuphunzira ku South Africa, ku India ndi ku Britain. Munthu akapezako tsiku limodzi kapena awiri opumula kumeneko amakumana ndi zikwangwani zomukopa kuti akwere kandege aone mathithi, aone nyanja, aone nyama. Ku Livingstone ziliko, ku Cape Town ziliko, ku Maun m'dziko la Botswana ndiye osanena, tindege timanyamuka motsatizana ngati maminibasi a ku Ndirande, kupita ndi alendo kukaona dambo la Okavango.

Ndiye pakati pathu pali magulu awiri. Gulu loyamba limati zimenezo n'za azungu, misala ya anthu okhuta, munthu wanzeru sangapereke madola kuti akasewere ndi imfa. Gulu lachiwiri limakwera, koma limakwera ndi mtima wa mu minibasi: bola ndalipira, tiyeni tizipita, Mulungu alipo. Maganizo anga ndi akuti magulu onse awiriwa akulakwa. Kwerani ndithu ngati thumba likulola, koma mukafika pabwalopo mukhale munthu wofunsa, ndiponso wokonzeka kubwerera osakwera.

Ndiyambe ndi inu a gulu loyamba. Ine ku Livingstone ndidakwerako, choncho sindikusimba zongomva. Kandege kamene alendo ambiri amakathamangira ku mbali ya Zambia amakatcha microlight. Kunena mosabisa, ndi njinga yamoto ya matayala atatu imene adaikoloweka pansi pa phiko limodzi lansalu. Mulibe chitseko, mulibe zenera, mulibe denga. Woyendetsa amakhala kutsogolo, iwe kumbuyo kwake, injini ndi pulopela kumbuyo kwako. Amakuveka chisoti, kukumanga malamba, ndipo foni, kamera ndi chilichonse chimene chingapulumuke m'manja amakuuza kuti usiye pansi, chifukwa chikapulumuka chimakalowa mu pulopela muja. Zithunzi amakujambula ndi kamera imene adaimangirira kuphiko. Ulendo wake ndi wa mphindi 15 kapena 30.

Ukaima pansi m'mbali mwa mathithi aja, makamaka mu Epulo madzi akachuluka, umangoona utsi wa madzi, kumva mkokomo ndi kunyowa ngati wagwera m'chitsime. Uli m'mwamba ndi pamene umamvetsa chimene chikuchitika. Mtsinje wa Zambezi umabwera uli tambalale, mamita 1,700 m'lifupi, ndi zilumba zake, kenako wonsewo umangogwera mu mng'alu wakuya mamita oposa 100 n'kutulukira pa kampata kakang'ono. Kumunsi kwake ukuona zigwembe zakuya zokhotakhota, zimene akatswiri a miyala amati ndi malo amene mathithiwa adali kalekale, madzi akhala akudya mwala n'kumabwerera m'mbuyo kwa zaka zikwizikwi. Ukuona mlatho wa njanji umene adamaliza mu 1905, wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe. Ukuona mvuu m'madzi ndi njovu m'zilumba. David Livingstone adafika pamenepa pa bwato mu Novembala 1855 n'kusuzumira ali pa chilumba. Zimene mwana wa ku Bangwe angaone lero m'mphindi 15, Livingstone sadazione. Inu ana a sukulu, jogalafe ija timaloweza kuti tingokhoza mayeso, uli m'mwambamo umaiona ndi maso.

Wina afunsa kuti nanga injini ikazima? Ndegetu si mwala. Titenge Cessna 172, ndege ya mipando inayi imene adayamba kuigulitsa mu 1956, ndipo apangapo zoposa 44,000, kuposa mtundu wina uliwonse wa ndege. Injini yake ikazima ili pa mtunda wa mamita 1,000, imatha kuyandama pafupifupi makilomita 9 isanafike pansi, ndipo imatera pa liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola, liwiro limene madalaivala athu ena amalipitirira pa msewu wa Zalewa atanyamula anthu 18 ndi matumba a makala. Wophunzira aliyense amayeserera mobwerezabwereza kutera ngati injini yazima asanapatsidwe chiphaso.

Nanga zoti n'za azungu? Kafunseni Yolanda Kaunda, mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa udindo wa kaputeni wa ndege. Pafupifupi aliyense amene amayendetsa ndege zikuluzikulu zija adayambira pa tindege tomweti. Alendo amabwera kwathu kuno pa tchuthi, kukwera kandege ku Lilongwe, pakatha pafupifupi ola ali pa Likoma, ife eni dziko tili pansi kumangobayibitsa. Chodabwitsa n'choti ife amene timakhulupirira kuti agogo a kumudzi amauluka pa lichero usiku umodzi mpaka ku Joni, ndife tomwe timanjenjemera tikaona ndege ya mapiko ndi injini.

Za ndalama ndiye zoona, si zotchipa ayi. Ulendo wa mphindi 15 umadya madola oposa 100, ndipo tonse tikudziwa mmene dola imavutira kuipeza kwathu kuno. Wageni amene angadye mpamba kuti akajambulitse m'mwamba ndi chitsiru, ndipo mwana wa sukulu amene angatenge ya fizi ndi chitsiru choposa. Koma munthu amene wakhetsa thukuta lake, ana walipirira, lendi walipira, n'kusungako kena kake pambali, musiyeni akaone dziko. Timamwaza zoposa pamenepo pa perekaniperekani wa tsiku limodzi, palibe amatinena. Paja amati mwana wosayenda amayesa kuti amake okha ndiwo amadziwa kuphika.

Tsopano ndibwere kwa inu a gulu lachiwiri, chifukwa ndinu amene mumandisowetsa tulo. Tisanamizane, tindege tating'ono timachita ngozi kawirikawiri kuposa ndege zikuluzikulu za makampani. Ndege yaikulu ili ndi oyendetsa awiri ndi injini ziwiri kapena kuposa, imauluka pamwamba pa mitambo, ndipo pali anthu ambiri pansi amene akuiyang'anira. Kandege kali ndi munthu mmodzi ndi injini imodzi, ndipo kamauluka m'munsi momwe muli mapiri, mphepo ndi mbalame. Minibasi ikayamba kuchita zosadziwika umakuwa kuti kondakitala nditsika pompano. Kumwamba kulibe siteji. Chilichonse chimene munthu ungachite kuti udziteteze uyenera kuchichita mapazi ali pansi. Mwayi wake ndi woti zifukwa za ngozi zotere zimabwerezabwereza, ndipo zingapo mwa izo wokwera wamba akhoza kuziona asanamange lamba.

Choyamba ndi nyengo, imene idakwiyitsa mlamu wanga. Tindege tambiri tosangalalira timayendetsedwa ndi maso. Woyendetsa amayenera kuona pansi, kuona mapiri, kuona pamene thambo lakumana ndi dziko. Akalowa mu mtambo zonsezi zimasowa, ndipo thupi limayamba kunama: munthu amamva ngati ndege ili chilili pamene yapendekeka ndipo ikulunjika pansi. Mu 1954 a pa University of Illinois ku America adayesa oyendetsa ndege 20 amene sadaphunzire kuuluka ndi zipangizo zokha. Atawatsekera kuti asaone kunja, onse 20 ndege idawapulumuka, ndipo mwa avereji zidangotenga masekondi 178. Mphindi zitatu zosakwana, abale, nthawi yosakwana kuwiritsa madzi a tiyi.

Ngakhale amene adaphunzira za zipangizo, phiri lobisala mu mtambo silisankha. Pa 19 Julayi 2003 anthu 12 a banja limodzi la ku America, agogo, ana ndi zidzukulu, anali pa tchuthi ku Kenya. Ndege yawo yahayala idaomba phiri la Kenya kuli mitambo, ndipo onse adafera pomwepo pamodzi ndi oyendetsa awiri a ku South Africa. Ife a Malawi za chifunga ndi mapiri sitifunikanso kuphunzitsidwa. Pa 10 Juni 2024 tidataya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 m'nkhalango ya Chikangawa. Sidali ndege yosangalalira, ndipo anthu ambiri akali ndi mafunso awo pa ngoziyo, koma lipoti la akatswiri a ku Germany lidati ndegeyo idapitiriza kuuluka m'munsi nyengo itaipa mpaka kuomba mtunda.

Apa ndi pamene tchuthi chimasanduka msampha. Munthu wa pa tchuthi masiku ake ndi owerengeka. Walipira kale, basi kapena ndege yobwerera ndi ya mawa, anzake kumudzi adawauza kale kuti dikirani zithunzi. Ndiye amayamba kukakamiza: "Tangoyesani, bwana, timitambo tomweti? Tiyeni mwachangu tibwerako isanayambe." Dziwani kuti m'malo ambiri otere oyendetsa ndi anyamata ndi atsikana amene angoyamba kumene ntchito, akusonkhanitsa maola kuti adzalembedwe ku makampani akuluakulu. Amaopa abwana awo, amaopanso kasitomala wolusa. Mukamukakamiza wotereyu mukukankhira mwana wa eni kuphompho, inu muli pampando wa kumbuyo kwake. Fulumira adadya gaga.

Mlamu wanga adalakwitsa chinthu chimodzi chokha, ndipo n'chosavuta kukonza. Ulendo wa kandege adauika pa tsiku lomaliza. Uikeni pa tsiku loyamba, kuti nyengo ikakana mukhale ndi mawa ndi mkuja. Ndipo sankhani m'mamawa, chifukwa dzuwa likatenthetsa nthaka mpweya umayamba kukwera ndi kutsika, kandege n'kumadumpha ngati lole pa msewu wa mabampu, ndipo nthawi ya dzinja mabingu amakonda kubwera masana.

Chachiwiri ndi kulemera, ndipo apa amageni mundimvetsa msanga chifukwa sikelo mumaidziwa. Ife tidazolowera kuti galimoto sidzadza. Mpando wa anthu atatu timakhala anayi, wachisanu pamiyendo, mbuzi pansi pa mpando. Ndege siidziwa zimenezo. Cessna 172 ija, ya mtundu wa masiku ano, imaloledwa kunyamuka ikulemera makilogalamu 1,157 basi. Yokha yopanda kanthu imalemera pafupifupi 760. Ndiye kuti chotsala ndi pafupifupi 400. Mukathira mafuta odzadza, malita 200, amenewo ndi makilogalamu oposa 140. Chotsala ndi pafupifupi 250, kutanthauza anthu atatu a makilogalamu 80, woyendetsa ali momwemo, opanda chikwama. Mipando ilipo inayi, koma anthu anayi akuluakulu ndi mafuta odzadza sizitheka. Wina atsale, kapena mafuta achepe.

Ana a sukulu ambiri mukumudziwa Aaliyah, woimba wa ku America. Pa 25 Ogasiti 2001 iye ndi anzake adamaliza kujambula kanema wa nyimbo ku zilumba za Bahamas ndipo ankafuna kubwerera msanga. Adakwera Cessna 402 ndi katundu wawo yense. Ndegeyo idalemera kupitirira malire ndi makilogalamu pafupifupi 300, ndipo idangonyamuka pang'ono n'kugwa pafupi ndi bwalo. Anthu onse 9 adamwalira, Aaliyah ali ndi zaka 22.

Choncho akakuuzani kuti kwerani pa sikelo musakwiye, mayi, ndipo akakufunsani kulemera kwanu musachotseko makilogalamu 10 chifukwa cha manyazi, bambo. Akakuuzani kuti khalani mpando uwu osati uwo musatsutse, chifukwa ndege ikalemera kwambiri kumchira imavuta kuiwongolera. Amene ayenera kukuchititsani mantha ndi amene sakufunsani za kulemera n'komwe.

Kuonjezera apo, kuno kummwera kwa Africa tili pamtunda ndipo kumatentha. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, Lilongwe pa mamita oposa 1,000, Livingstone pafupifupi 1,000. Pamtunda mpweya ndi wopepuka, kukatentha umapepukiratu. Injini wamba ya kandege imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 a mphamvu yake pa mamita 300 alionse amene wakwera, mapiko nawo sagwira bwino mpweya wopepuka. Ndege imene imanyamuka mosavuta ku England m'mbali mwa nyanja kuli kuzizira, ku Joni masana a Okutobala imathamanga mtunda wautali isanadzuke, ndipo ikadzuka imakwera mwaulesi.

Zimenezi zikutifikitsa pa chachitatu, chiphaso. Oyendetsa ndege sali ofanana. Pali chiphaso cha munthu wouluka mongosangalala, chimene munthu angachipeze atauluka maola 40 kapena 45, malinga ndi dziko. Ndiye pali chiphaso cha ntchito, chimene m'maiko ambiri chimafuna maola 200 kapena kuposa, mayeso ovuta ndi kupimidwa m'thupi pafupipafupi. Wa chiphaso choyambacho akhoza kunyamula anzake, koma lamulo silimulola kuchita hayala. Kampani yonyamula alendo nayo imayenera kukhala ndi chilolezo chakechake chochokera ku bungwe loona za ndege m'dzikolo, ndipo amene ali nacho sachibisa, chimakhala pakhoma.

Okonda mpira mukukumbuka Emiliano Sala wa ku Argentina. Timu ya Cardiff City itangomugula pa mapaundi 15 miliyoni, pa 21 Januwale 2019 adakwera kandege ka Piper Malibu usiku kuchoka ku Nantes, ku France, kupita ku Cardiff. Kadagwera m'nyanja. Kafukufuku adapeza kuti woyendetsa, David Ibbotson, adalibe chiphaso chonyamula anthu molipiritsa, adalibenso chilolezo chouluka usiku. Amene adakonza ulendowo, David Henderson, adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 18 mu 2021. Sala sadali wosauka ndipo sadali mbuli. Adangokhulupirira kuti poti akuluakulu akonza, zonse zili bwino.

Nkhani ya Sala ndaitchula chifukwa cha inu amene muli ndi anzanu kunja. Zimachitika kuti mnzako wa ku koleji ku Britain, kapena bwana wa mlamu wako ku Joni, ali ndi chiphaso chosangalalira, ndiye akuti tiyeni tibwereke kandege Loweruka, tingosonkherana ya mafuta. Si tchimo, ndipo maiko ena amalola kusonkherana koteroko. Koma mufunseni. Wauluka maola angati? Adauluka liti komaliza? Bwalo limeneli adateraponso? Ndege iliyonse ili ndi zilembo za dziko limene idalembetsedwa: 7Q ndi Malawi, 9J ndi Zambia, A2 ndi Botswana, ZS ndi ZU ndi South Africa. Munthu wa chiphaso cha ku Britain sangangofika ku South Africa pa holide n'kutenga ndege ya ZS ngati akubwereka njinga. Chiphaso chake chimayenera kuyamba chavomerezedwa ndi bungwe loona za ndege la dzikolo, ndipo kawirikawiri amauluka kaye ndi mphunzitsi wa konko, kuti aphunzire za kutentha, za mtunda ndi za mabwalo afumbi amene nthawi zina umapeza nyama zikudya msipu. Akakuyankhani kuti zimenezo n'zongotaya nthawi, muuzeni kuti mumudikira pansi ndi Fanta.

Chachinayi ndi inshuwalansi, chimene ambirife sitichiganizira n'komwe. Inshuwalansi zambiri za pa ulendo, zija timagula chifukwa choti a viza azifuna, zili ndi timalemba tating'ono tonena kuti salipira ngati wavulala pa ndege imene si ya kampani yovomerezeka yonyamula anthu, kapena pa masewera amene iwo amawaona kuti ndi oopsa. Pangano la ku Montreal la mu 1999, limene limakakamiza makampani a ndege kupepesa okwera, ndi la maulendo a pakati pa maiko. Kandege konyamuka pabwalo, kuzungulira mathithi n'kudzateranso pomwepo sikali m'gulu limenelo. Ndiye pali kapepala kaja amakusainitsa usanakwere, kamene timangosaina osawerenga ngati risiti ya ku golosale. Kawerengeni. Funsani kuti wokwera akavulala amalipira ndani. Tonse tidasonkhapo ndalama pa WhatsApp kuti maliro a m'bale wathu abwere kuchokera ku Joni, ndipo tikudziwa mmene zimawawira. Musasiyire ana anu ngongole chifukwa cha mphindi 15.

Wina anena kuti ndiye ndikafunsa zonsezi ndapulumuka? Ayi, sindingakunamizeni. Pa 31 Disembala 2017 mkulu wa kampani yaikulu ya ku Britain, Richard Cousins, anali pa tchuthi ku Sydney, ku Australia, ndi ana ake awiri, mayi amene ankafuna kumanga naye banja ndi mwana wa mayiyo. Adakwera kandege kotera pamadzi ka kampani yovomerezeka, woyendetsa wodziwa ntchito, kunja kuli bwinobwino. Kadagwera mu mtsinje ndipo anthu onse 6 adamwalira. Ofufuza adapeza kuti paipi ya utsi idali ndi ming'alu, ndipo mpweya woipa uja amati carbon monoxide, womwe umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, udalowa mkati n'kusokoneza woyendetsa. Palibe funso limene banja lija likadafunsa pabwalo loti n'kuwapulumutsa. Tsoka silinunkha.

Koma kodi chifukwa choti tsoka silinunkha ndiye tisiye kununkhiza ndiwo tisanadye? Timakwera mabasi a usiku kudutsa ku Tete tikudziwa kuti ngozi ziliko, komabe wanzeru amayang'ana matayala ndi maso a dalaivala. Chimene sitingachione tichisiye m'manja mwa Mulungu ndi mwa amakaniko. Chimene tingachione, mtambo, sikelo, chiphaso ndi pepala la inshuwalansi, ndi udindo wathu.

Vuto lathu lenileni ndi manyazi. Mayi yemwe amatha ola lathunthu ku Kariakoo akunenerera mtengo, kutembenuza nsalu, kuikoka, kuiyang'ana padzuwa, akangoona mnyamata wa malaya oyera ndi timizere paphewa akulankhula Chingerezi cha m'mphuno, pakamwa pamauma. Mwana wa ku yunivesite amene amavutitsa malekichara ndi mafunso amangoti yes, yes, kuopa kuoneka wa kumudzi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ndalama ndi yanu, moyo ndi wanu. Woyendetsa ndege weniweni sakwiya ndi mafunso, amasangalala nawo. Amakuonetsa mmene lamba amamasulira, amakuuza zochita ukayamba mseru, ndipo umamuona akuzungulira ndege yake, kuyang'ana mafuta, matayala ndi mapiko asanalize injini. Wa ine uja ku Livingstone adachita zonsezi ngakhale kuti unali ulendo wake wachitatu m'mawa umenewo. Amene akukuthamangitsani ngati woitanira pa depoti, kapena akuseka mafunso anu, m'bwezereni chisoti chake.

Mlamu wanga wayambanso kusunga ndalama, ati chaka chamawa abwererako chifukwa sangalole kuti ine ndizimusimbira za Zambezi ngati iye alibe maso. Ndamuuza kuti alamu, mukafika Lolemba, kandege mukakwere Lachiwiri m'mamawa, basi yobwerera ikhale ya Lachisanu. Akakakuuzaninso kuti lero sitinyamuka, mukam'gwire chanza mnyamatayo, mukam'gulire ndi chakumwa chozizira, kenako mukaone mathithi wapansi ngati Livingstone. Mlongo wanga akufuna mwamuna wake abwere yekha pa basi, atanyamula zithunzi.